Kodi ndi Mulungu anaphulitsa tayalalo?

Usiku wachiwiri wa maliro a mng'ono wanga, ku Chinamwali, amayi anandiitanitsa m'nyumba ya siwa. Amayi a Mvano anali atangotsitsa nyimbo, ena akusinza chotsamira khoma, kunja azibambo akuwotha moto wa zitsa. Madzulo ake mlaliki anali atalankhula mawu amene aliyense wa ife anawamvapo pa maliro: tinkamukonda koma Mulungu wamukonda koposa, mwini munda wathyola duwa lake, tisafunse zambiri chifukwa ndi chifuniro chake. Amayi anandikokera pafupi n'kunong'ona: "Mwananga, iwe umawerenga Baibulo, tandiuza. Ndiye kuti tayala lija anaphulitsa ndi Mulungu?"

Mng'ono wangayo anamwalira pa ngozi ya minibasi akuchokera ku Liwonde. Opulumuka anatiuza kuti matayala anali atatheratu mpaka mawaya kuonekera, anthu atathithikana anayianayi pampando, ndipo dalaivala ankathamangitsana ndi mnzake polimbirana anthu pa siteji yakutsogolo. Usiku umenewo ndinangogwira dzanja la amayi, mawu osatuluka. Funso lawo ndakhala nalo zaka. Mawu akuti "ndi chifuniro cha Mulungu" timawatchula pa manda aliwonse, kuyambira ku Sadzi mpaka ku Songani, koma sitiima n'kufunsa kuti anyamula chiyani. Mawu omwewo akhoza kumugwiriziza wofedwa kuti asagwe, akhozanso kumutseka pakamwa n'kumusiya akuvulalira mkati.

Akhristu akamati Mulungu ndi wolamulira zonse, akutanthauza kuti Namalenga sanalenge dziko n'kulisiya ngati munthu wofesa mpunga ku Chilwa kenaka n'kukwera basi ya ku Joni. Dziko akuligwira mpaka lero, ndipo palibe kanthu, kakakulu kapena kakang'ono, kamene kamamudzidzimutsa kapena kumupulumuka m'manja. Yesu anapereka chitsanzo cha mpheta, zimene ziwiri zinkagulidwa ndi kakobiri, nati palibe imodzi imagwa pansi popanda Atate (Mateyu 10:29). Onetsetsani kuti sananene kuti mpheta sizigwa. Zimagwa ndithu, koma sizigwa zili zokha. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa ku Germany mu 1563, amatchula mvula ndi chilala, zaka za zokolola ndi zaka za njala, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi, n'kunena kuti zonsezi sizitigwera mwamwayi koma zimadzera m'dzanja la Atate. Liwu lofunika pamenepo ndi lakuti Atate. Mphamvu payokha siitonthoza munthu. Mphambe wa ziphaliwali makolo athu ankamudziwa kale ndipo ankamuopa. Chikhristu chimaonjezera kuti dzanja lamphamvulo ndi la kholo.

Vuto limabwera ndi liwu lakuti chifuniro, chifukwa timalisenzetsa akatundu awiri osiyana. Pali chimene Mulungu wanena poyera kuti amachifuna: usaphe, usabe, konda mnzako monga udzikondera wekha, weruza mwachilungamo mlandu wa mkazi wamasiye. Palinso chimene walola kuti chichitike mu uphungu wake wobisika, chimene ife timangochidziwa chitachitika kale. Mose anazilekanitsa pa Deuteronomo 29:29: zinsinsi ndi za Yehova, zovumbulutsidwa ndi zathu ndi ana athu. Kunyamula anthu pa matayala otha sikunali chifuniro cha Mulungu m'tanthauzo loyambalo. Kunali kuchiphwanya, kuika ndalama ya tsiku patsogolo pa moyo wa munthu. Koma m'tanthauzo lachiwirilo, ngoziyo sinachitike Mulungu ali m'tulo kapena atacheukira kwina. Anali ndi mphamvu yoiletsa ndipo sanailetse. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo sindifuna kuwapepuza.

Baibulo limaika zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi. Yosefe anauza abale ake kuti iwo anamupangira choipa, koma Mulungu anachipangira chabwino (Genesis 50:20). Ntchito imodzi, kugulitsa mnyamata kwa amalonda achilendo, koma zolinga ziwiri. Yosefe sanati abale ake sanalakwe. Choipa anachitchula ndi dzina lake. Ndipo taonani nthawi yake. Anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, abale ake anaonana nawonso patapita zaka zoposa 20 chigulitsidwire, ndipo mawu otchukawa anawalankhula Yakobo atamwalira, patadutsanso zaka zina 17. Anawalankhula mwini bala, bala litapola. Palibe amene anaima pakamwa pa dzenje lija n'kumufuulira mnyamatayo kuti asalire chifukwa akakhala nduna ku Iguputo. Ife timatola mawu a kumapeto kwa nkhani n'kukamuponyera munthu amene akadali m'dzenje.

Pa mtanda m'pamene zimenezi zimaonekera bwino koposa. Pa tsiku la Pentekoste Petro anauza khamu kuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu woikika ndi kudziwiratu kwa Mulungu, ndipo m'mpweya womwewo anati inu munamupha ndi manja a anthu osayeruzika (Machitidwe 2:23). Mulungu anakonza, anthu anachimwa, ndipo palibe mbali imene inafafaniza inzake. Atamva mawuwo anthu sanapumire m'mwamba kuti ndiye ife tilibe mlandu. Analaswa mtima.

Mipingo yayesa kulemba zimenezi mosamala kwa zaka mazana ambiri. Chivomerezo cha Westminster cha 1646 chimati Mulungu anaikiratu zonse zochitika, komabe Iye si mwini tchimo, sakakamiza chifuniro cha cholengedwa, ndipo zifukwa za pansi pano, monga tayala lotha, udzudzu kapena dzanja la wakuba, zimakhalabe zifukwa zenizeni. Kalekale Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti Mulungu sakanalola choipa chikhalepo akanakhala kuti alibe mphamvu ndi ubwino wokwanira kutulutsa chabwino m'choipacho, ndipo Katekisma wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amabwereza mfundo yomweyo. Kuno ku Zomba ophunzira ubusa ku Zomba Theological University ndi ophunzira unsembe ku seminale ya St Peter's onse amalimbana ndi funso limeneli, ndipo sikuti amamvana pa chilichonse. Ena amatsindika kuti Mulungu anakonzeratu, ena amatsindika kuti amalola ndi kulemekeza ufulu umene anapatsa munthu. Kusiyanako ndi kwenikweni. Koma pa siwa onse amaima pa mfundo ziwiri: Mulungu sachita choipa ndipo sayesa munthu ndi choipa (Yakobo 1:13), komanso choipa chilichonse chili ndi malire amene sichingawalumphe.

Patapita miyezi ndinawayankha amayi motere: "Amayi, tayala linaphulika chifukwa linali lotha, ndipo linali lotha chifukwa wina anasankha kusalisintha. Mlandu umenewo ndi wa munthu. Koma mwana wanu sanagwe pamene Mulungu sakanatha kumugwira." Anafunsa kuti nanga bwanji sanamugwire asanagwe. Chitseko chimenecho Baibulo silitsegula. Yobu sanauzidwe n'komwe zimene owerenga timazidziwa kuchokera m'mitu iwiri yoyamba ya buku lake. Kuyambira mutu 38 mpaka 41 Mulungu akumufunsa za maziko a dziko, nyenyezi, nthiwatiwa ndi bulu wakuthengo, osamupatsa chifukwa ngakhale chimodzi cha imfa ya ana ake khumi. Chimene Yobu analandira ndi Mulungu mwini, kuyankhula naye maso ndi maso.

Tsono chiphunzitsochi timachipotoza, ndipo kupotoza kofala kwambiri ndi kuchisandutsa bulangete lofundira ulesi ndi kusasamala. "Linali tsiku lake." Mawu amenewa amathetsa nkhani isanayambe: palibe wofunsa za matayala, za mankhwala amene anachedwa, za chitsime chimene chinasiyidwa chosavundikira. Komatu Mulungu yemweyo amene amadziwa masiku athu onse analamula Aisraele kuti womanga nyumba aike kampanda patsindwi kuti munthu asagwe n'kubweretsa mlandu wa mwazi pa nyumbayo (Deuteronomo 22:8). Pa Machitidwe 27 Paulo anauzidwa kuti anthu onse 276 a m'ngalawa apulumuka namondwe, koma ataona amalinyero akufuna kuthawa anauza asilikali kuti amenewa akachoka simupulumuka. Lonjezo linalipo, manja a amalinyero ankafunikabe.

Ife a ku Zomba phunziro limeneli talilipira modula. Akuluakulu amakambabe za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene mvula yosalekeza inagumula phiri, madzi n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, kukokolola milatho ndi nyumba. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo m'chigawo cha kummwera, ndipo kuphatikiza omwalira ndi amene sanapezeke, anthu anaposa 1,000. Mvula sitiilamula. Koma mapiri amene tawameta, nyumba zomangidwa m'mphepete mwa Likangala ndi m'matsitso, ngalande zodzadza zinyalala, zimenezi zili m'gulu la zovumbulutsidwa, zathu ndi ana athu. Sindikuloza chala mayi wotsika ndi mtolo wa nkhuni m'phiri. Umphawi ndi umene umamukweza kumeneko, ndipo umphawiwo nawo uli ndi eni ake oyenera kufunsidwa. Ndikungoti wokhulupirira ulamuliro wa Mulungu ayenera kukhala woyamba kubzala mtengo ndi kutsika minibasi yodzadzitsa.

Kupotoza kwina ndinakuona m'mawa wa tsiku loika maliro. Adzukulu ali kumanda, amalume anandipatula kuseri kwa nyumba. Anati imfa ya mnyamata woti wangoyamba kumene ntchito siingochitika yokha, tiyenera kupita kwa sing'anga tikadziwe amene wachita, ndipo dzina la agogo ena apafupi linali litayamba kale kunong'onedwa. Ndinawamvetsa amalume. Mtima wovulala umafuna nkhope yoti uikwiyire. Koma njira imeneyo yasiya okalamba ambiri m'dziko muno atathamangitsidwa m'midzi, nyumba zitatenthedwa, ena ataphedwa, ngakhale lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Ndinawayankha kuti: "Amalume, pepani, koma ngati moyo wa mphwanu unali m'manja mwa agogo aja, ndiye kuti Mulungu amene timamuimbira m'nyumbamu ndi wamng'ono kuposa nyanga." Baibulo silikana kuti mphamvu za mdima zilipo. Koma Satana mwini anachita kupempha chilolezo kuti akhudze Yobu, ndipo anaikiridwa malire. Anapemphanso kuti apete Petro ngati tirigu (Luka 22:31). Apa ulamuliro wa Mulungu umamasula munthu ku mantha. Sindiyenera kugona ndikuwerenga nkhope za abale anga kuti ndipeze wondilodza.

Mchimwene wake wa ufiti m'tchalitchi ndi kufufuza tchimo la wovutikayo. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, atangokhala naye pansi osanena kanthu. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa. Maganizo awo anali olongosoka: Mulungu ndi wolungama, Yobu akuvutika, choncho Yobu analakwa. Kumapeto Mulungu anauza Elifazi kuti wamukwiyira pamodzi ndi anzake awiri chifukwa sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu (Yobu 42:7), Yobu yemwe uja anatemberera tsiku lake lobadwa. Yesu anadula nkhani imeneyi kawiri. Atafunsidwa za munthu wobadwa wakhungu kuti anachimwa ndani, anati si iye kapena makolo ake (Yohane 9:3). Za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anati sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu (Luka 13:4-5). Masiku ano mfundo ya anzake a Yobu yavala suti. Imati ukadwala ndiye kuti chikhulupiriro chachepa, ukafedwa ndiye kuti pali temberero la kumtundu, bweretsa chopereka tilimasule. Nanga Paulo, amene anapempha katatu kuti munga uchoke n'kuyankhidwa kuti chisomo chikukwanira? Nanga mutu 12 wa Machitidwe, m'mene Yakobo akuphedwa ndi lupanga ndipo Petro akutulutsidwa m'ndende ndi mngelo, Herode yemweyo, mpingo womwewo? Palibe paliponse pamene pakuti Yakobo anaperewera chikhulupiriro.

Ndibwerere kwa mlaliki uja, amene ndikudziwa kuti anali ndi mtima wabwino. Chimene chinandipweteka si chakuti anatchula chifuniro cha Mulungu. Ndi mawu akuti tisafunse. Timaphunzitsana kuti Mkhristu weniweni amati "Yehova anapatsa, Yehova watenga, lidalitsike dzina la Yehova" n'kupukuta misozi. Timaiwala kuti Yobu ananena zimenezi atang'amba malaya, atameta mutu, atagwa pansi, ndipo pambuyo pake anadandaula mitu yambirimbiri. Mwa masalmo 150, pafupifupi limodzi mwa atatu aliwonse ndi la madandaulo: kufikira liti, Yehova, mwandiiwaliranji, mwabisiranji nkhope yanu. Salmo 88 limatha osatembenukira ku chiyamiko. Liwu lake lomaliza ndi mdima. M'Baibulo lathu la Chichewa muli buku lathunthu lotchedwa Maliro, lolira kugwa kwa Yerusalemu m'manja mwa Ababulo, ndipo pakatikati pake, pamene pali mawu aja akuti chifundo chake chioneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa, palinso mawu akuti Mulungu sasautsa ana a anthu mochokera pansi pa mtima (Maliro 3:33). Amalola chisoni, koma sachita nacho chikondwerero.

Kudandaula kotereku kumachokera m'chikhulupiriro chomwecho. Munthu sapita kukadandaula kwa amfumu amene alibe mphamvu pa mlandu wake. Amene amafuula kuti "bwanji, Ambuye?" wavomereza kale kuti Ambuyeyo ndiye agwira zinthu. Yesu anaima pa manda a Lazaro akudziwa kuti posachedwa amuukitsa, ndipo analira. Ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire asananene kuti kufuna kwanu kuchitidwe. Pa mtanda anafuula mawu a Salmo 22: Mulungu wanga, Mulungu wanga, mwandisiyiranji Ine? N'chifukwa chake ndimakana fanizo la duwa. Limamupanga Mulungu kukhala ngati munthu wokongoletsa tebulo lake ndi mwana wa wina. Chipangano Chatsopano chimatcha imfa mdani, mdani wotsiriza amene adzathetsedwa (1 Akorinto 15:26), ndipo Mulungu amene timamukhulupirira anaikapo Mwana wake m'manda. Za kufedwa sachita kumva kwa ena.

Vesi la Aroma 8:28, lakuti zinthu zonse zithandizana kuwachitira ubwino amene akonda Mulungu, nalonso limafuna kugwiridwa ndi manja awiri. Silikuti zinthu zonse n'zabwino. Ubwino umene likunena walongosoledwa pa vesi 29: kufanizidwa ndi chifaniziro cha Mwana wake. Si lonjezo lakuti ukataya ntchito upeza yoposa, kapena ukaika mwana ubereka mapasa. Mutu womwewo ukutchula nsautso, njala, usiwa, zoopsa ndi lupanga ngati zinthu zimene zidzafika ndithu, ndipo lonjezo lake ndi lakuti sizidzatha kutisiyanitsa ndi chikondi cha Khristu. Nthawi zina chabwinocho chimaoneka, monga kwa Yosefe. Nthawi zambiri munthu amafika kumanda kwake asanachione. Ine sindinapezepo phindu limene ndingaliike pasikelo n'kunena kuti ili lalipira moyo wa mng'ono wanga, ndipo ndinasiya kulifunafuna. Yobu anapatsidwa ana ena khumi, koma manda khumi oyamba aja sanafafanizike.

Kukhulupirira, tsono, kumaoneka ngati zimene Habakuku analemba kumapeto kwa buku lake: mkuyu usaphuke, mpesa usabale, m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova. Mlimi wa ku Jali amene anaona Chilwa itauma mu 1995 ndi mu 2018 safuna womumasulira mavesi amenewa. Habakuku anayamba buku lake ndi kukangana ndi Mulungu, ndipo pamene akunena mawu okomawa akuti m'mimba mwake mukunjenjemera, milomo ikugwedezeka. Zinthu sizinasinthe. Munthuyo wangosankha potsamira. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku zimenezi ndi zazing'ono: kudzuka n'kupemphera pemphero la mawu atatu, kulola anzako a mumpingo kapena a mumphakati akukhulupirire m'malo mwako masiku amene iwe sungathe, kupita kukamenyera katundu wa ana amasiye kuti asalandidwe, kulira pamene nyimbo ina yaimbidwa ngakhale padutsa zaka. Paulo sanawauze Atesalonika kuti asalire. Anati asalire monga otsalawo amene alibe chiyembekezo (1 Atesalonika 4:13).

Maliro n'kulirana, anatero akale, ndipo wopita kukakhuza maliro asadzione ngati loya wa Mulungu. Mulungu safuna womuikira kumbuyo pa siwa. "Pepani" amakwana. Mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi, kugona pamenepo, ndi kubweranso patatha mwezi pamene ena onse abalalika, zimenezi zimalalikira dzanja la Atate momveka kuposa mayankho athu.

Chaka chathachi mwana wa oyandikana nawo nyumba anamira mu Likangala nthawi ya dzinja. Amayi, amene miyendo yayamba kuwavuta, anapita ndi chitenje chawo ndi Baibulo lawo lakale la Buku Lopatulika, nagona pa siwa masiku onse. Sanalalike. Usiku womaliza mayi wofedwayo anawafunsa ngati Mulungu amamva, ndipo amayi anatsegula Salmo 88, nawerenga pang'onopang'ono pa kuwala kwa tochi ya foni mpaka vesi lomaliza lija la mdima. Anatseka bukulo, namukumbatira, onse awiri n'kulira mpaka tambala woyamba.